Chikole cha Chaka cha 1958

Nsanje ndi mlendo wosagogoda. Imalowa ngakhale mumtima wa munthu amene wangodzuka kumene pa maondo, ndipo ikakhala pansi imayamba kulankhula mwaulemu, ngati munthu wongofuna chilungamo basi. Thandiwe sanadziwe kuti mlendoyu anali kale pakhomo pake pamene ankatsika matatu, minibasi ya ku Nairobi, ku Buruburu Loweruka lija masana, mapepala a sewero lake ali m'chikwama.

Seweroli analemba yekha. Amalawi okhala mu Nairobi, Akatolika ndi a mipingo ina pamodzi, amasonkhana chaka chilichonse mu Julaye kukumbukira ufulu wa dziko lawo, ndipo chaka chimenecho a Dunstan, wapampando wa gululo, anapempha kuti pakhale sewero la makedzana. Thandiwe anatenga nkhani imene bwenzi lake Gresham anamusimbira tsiku lina ali m'sitima ya ku Syokimau: m'mene agogo ake aamuna anafunsirira agogo ake aakazi ku Dedza m'chaka cha 1958, atangobwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni.

Tsiku lija m'sitima, Gresham anamuuzanso za mikanda. Agogo aamuna aja anapereka chikole cha mikanda yofiira ndi yoyera, yotungidwa mizere itatu, ndipo namwali atailandira, aliyense m'mudzi anadziwa kuti wavomera. Mikandayo inalipobe. Ankaisunga m'kachitini amayi ake aakulu, a Getrude, amene anamulera Gresham mayi ake atamwalira.

"Ikudikira mkazi wanga," anatero Gresham, akuyang'ana pawindo ngati akunena za nyengo. "Ndipo khosi lake ndikulidziwa kale."

Ndiye polemba sewero, Thandiwe anasintha chinthu chimodzi mwadala. Analemba kuti mnyamata anapereka mpango. Mikanda ija sanafune kuti ioneke pakhosi la munthu wina, ngakhale yoyerekezera.

Gresham ndiye anasankhidwa kukhala mnyamata wa m'seweromo. Thandiwe sakanatha kusewera ndi kutsogolera nthawi imodzi, choncho malo a namwali anapatsidwa kwa Melissa, mtsikana wa m'kwaya, wa mawu okoma, amene kuseka kwake kunkamveka mpaka kunja kwa mpanda wa sukulu imene ankayesererako.

Masabata awiri oyamba, Thandiwe analibe nazo ntchito za mbiri. A Dunstan ndiwo ankavutika nazo.

"Mwana wanga, apa mwalemba kuti mnyamata anagula sopo ndi makwacha. Nthawi imeneyo kwacha kunalibe. Makolo athu ankagwira masheleni."

"A Dunstan, anthu sakubwera kudzaphunzira mbiri," anayankha Thandiwe akuseka. "Akubwera kudzaseka, kudzalira pang'ono, kenako kudzadya. Ndani adzafunse za masheleni?"

"Nanga dzina la dziko? Mwalemba Malawi."

"Chabwino, ilo tikonze, tilembe Nyasaland. Koma zinazi zisiyeni. Sewero si kalasi."

*

Loweruka limenelo anafika pa gawo la panjira yochokera ku mapemphero, pamene mnyamata akumana ndi namwali koyamba awiriwiri. Gresham anavala jekete lalikulu lobwereka ndi chipewa chopendekera. Anayandikira, ananena mawu ake, namugwira Melissa dzanja monga zinalembedwera.

Koma Melissa sanalekere pomwepo. Anatembenuka pang'ono, anaika mutu wake paphewa la Gresham, natseka maso. Onse amene anali m'holomo anawomba m'manja. Wina anaimba mluzu.

"Imani! Imani kaye!"

Mawu a Thandiwe anatuluka okwera kuposa m'mene iye ankafunira.

"Zimenezi sizikanachitika mu 1958. Mnyamata sankagwira namwali panjira, anthu akuchokera ku mapemphero."

"Koma mwalemba nokha, asisi," anatero Melissa, mutu ukadali paphewa. "Tsamba lachisanu ndi chitatu. Amugwira dzanja."

"Ndalemba dzanja. Phewa mwalitenga pa tsamba liti?"

"Aa, ndimangothirako kamchere. Si ndi m'mene mwamvera anthu akuwombera?"

"Kamchere kachuluka. Ndipo dzanja lomwelo tilichotse, ndinalakwitsa. Komanso namwali wa ku Dedza sankavala wigi yofika m'chiuno. Zikhadabo zofiirazo muchotse. Nsapato za chidendenezo ayi. Nthawi imeneyo ankayenda wopanda nsapato, atafunda nsalu ya biriwita."

Melissa anayang'ana zikhadabo zake, kenako anayang'ana Gresham, ngati akupempha thandizo. A Dunstan anavula magalasi, nayamba kuwapukuta ndi malaya, pakamwa pakunjenjemera ndi chiseko.

"Ambuye ndi wamkulu," anatero. "Sabata yatha ndinauzidwa kuti sewero si kalasi. Lero kalasi yatseguka, aphunzitsi ake ndi omwewo."

"Ndaganizira bwino, a Dunstan. Tiyenera kulemekeza makolo athu. Sitingawanamizire."

"Ndiye masheleni aja abwerere?"

"Abwerere."

*

Popita kokwerera matatu, Gresham ankayenda akuseka chamumtima. Mphepo ya mu Juni inkawomba fumbi m'mphepete mwa msewu, amayi ogulitsa chimanga chootcha atadzikulunga m'mashuka.

"Thandi, kodi ndi mbiri yakuwawayi, kapena ndi phewa langa?"

"Phewa lanu ndi lanu, a Gresham. Mutha kubwereketsa aliyense."

"Aa, tafika kale pa a Gresham?"

"Unatseka maso."

"Ine? Anatseka maso ndi iyeyo."

"Ndiye unaona kuti watseka maso. Umamuyang'ana."

Gresham anaima, nakweza manja kumwamba. "Ndikanayang'ana kuti, denga? Iweyo ndiwe unamusankha. Iweyo ndiwe unalemba."

"Nanga Lachitatu? Ndamva kuti Melissa anapita ndi amayi aakulu ku chipatala cha maso ku Parklands. Parklands ndi kwathu, Gresham. Nyumba yanga ili mphindi khumi kuchokera pachipatalapo. Bwanji sunandiuze ine?"

A Getrude anali atabwera ku Nairobi miyezi itatu yapitayo kudzalandira chithandizo cha maso awo, ndipo ankakhala kwa Gresham ku Syokimau. Chifikireni, Thandiwe anali atawachezera kanayi, ndipo kanayi konse anamulandira ndi ulemu wozizira. Chifukwa chake sichinali chobisika. Thandiwe anali Mkatolika, pamene a Getrude anali mayi wa Chigwirizano, ndipo mayi ake a Melissa anali mnzawo wa pa benchi limodzi la tchalitchi kwawo ku Dedza.

"Anaitana okha," anatero Gresham pomaliza. "Ine ndinali ku ntchito. Koma tamva. Ngati ukufunadi kuti sewero likhale loona, bwanji osawapempha amayi aakulu? Ndi nkhani ya makolo awo enieni. Palibe amene akuidziwa kuposa iwo. Mwina mwa njira imeneyi mungadziwane bwino."

Kondakitala wa matatu anali akumenya kale chitseko, akufuula kuitanira opita m'tauni, "Tao! Tao! Wawili!" Thandiwe anakwera, ndipo maganizo aja anakwera naye.

*

Lamulungu atachoka ku Misa, anamufotokozera Lenah, mnzake amene ankakhala naye nyumba imodzi ku Parklands. Lenah anali atakhala pa kapeti akumasula tsitsi, tiyi ali pambali.

"Taganiza," anatero Thandiwe. "Mayi uja ndi wokhwima pa mwambo. Akadzangoona za kugwirana manjazi, adzazichotsa yekha. Ine sindidzaoneka wansanje. Komanso adzaona kuti ndikulemekeza makolo awo."

"Sudzaoneka wansanje?" Lenah anaseka mpaka chipeso chinagwa. "Mwali, holo yonse ya ku Buruburu ikudziwa kale. A Dunstan auza akazi awo, akazi awo auza kwaya."

"Ndikungofuna zoona basi."

"Zoona zake ziti? Ine ndikamaonera mafilimu a makedzana, sindiwerenga mabatani a malaya. Ndimafuna ndione ngati akwatirana. Anthu ambiri ndi otero. Amene amawerenga mabatani ndi a Dunstan okha, ndi amene ali ndi chifukwa china."

"Ndiye ukuti ndisiye agonerane mapewa?"

"Ndikuti ugwade, upemphe Mwini wake akuchotsere chimene chakulowachi. Pa Misa pomwe lero unaimba za mtima woyera, mawu ako ndinawamva bwinobwino. Kenako ukamuuze Gresham kuti zikukuwawa, mwachindunji, osabisala kuseri kwa nsalu ya biriwita. Koma ukaitana mayi uja, kumbuka kuti walira mvula walira matope."

Foni ya Thandiwe inalira. Unali uthenga wa pa gulu la osewera. Melissa anali ataika chithunzi cha dzulo lake, mutu uli paphewa paja, ndi mawu akuti, "Agogo ndi agogo, chikondi cha kale." Pansi pake anthu anali ataikapo kale mitima khumi ndi iwiri.

Thandiwe sanagwade. Analemba uthenga kwa Gresham: "Uwauze amayi aakulu kuti ndikuwapempha modzichepetsa abwere Loweruka."

*

A Getrude anabwera atavala duku loyera ndi magalasi akuda oteteza maso. Anakhala pa mpando wakutsogolo, ndodo ili pakati pa miyendo. Thandiwe anagwada pambali pawo powapatsa moni.

"Mwaswera bwanji, amayi? Tathokoza kuti mwabwera."

"Ndaswera, kaya inu. Yambani, tione zimene mwawachita makolo anga."

Gresham atangotambasula dzanja, ndodo ija inagunda pansi.

"Iwe! Dzanja likupita kuti? Bambo anga akanachita zimenezo, akanathamangitsidwa ndi agalu. Bwerera m'mbuyo. Bwereranso. Eya, ima pomwepo. Iwe Melissa, maso pansi. Namwali sankayang'ana mwamuna kumaso. Uzilemba pansi ndi chala cha kuphazi, uzibudula kaudzu. Akakufunsa, usayankhe msanga. Mayi anga anawadikiritsa bambo miyezi iwiri."

Pakati pa Gresham ndi Melissa panatsala malo oti ngolo n'kudutsapo. Mtima wa Thandiwe unaimba nyimbo ya chiyamiko. Anaona ngati kumwamba kwamuyankha, osadziwa kuti si yankho lililonse lofulumira limene limachokera kumeneko.

A Getrude anakonza zambiri. Mnyamata asayambe ndi namwali, ayambe walankhula ndi mlongo wake. Jekete likhale lomweli, popeza obwera ku Joni ankadzionetsera. Wotchi ya pamkono ya wosewera wina ichoke. A Dunstan ankangogwedeza mutu ngati munthu amene mlandu wamukomera.

Kenako Gresham anatulutsa mpango.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Chikole, amayi," anayankha Thandiwe.

"Mpango? Ndani anakuuzani kuti unali mpango? Bambo anga anapereka mikanda. Mudzi wonse unkadziwa. Inu mwandiitana kuti tichite zoona, kapena mwandiitana kuti ndidzangochotsa zimene zikukunyansani inuyo?"

Melissa anayang'ana kumbali, akuluma mlomo.

"Zoona, amayi," anatero Thandiwe.

"Ndiye mwavomera pamaso pa anthu awa kuti zonse zichitike monga zinachitikira?"

"Ndavomera."

Lolemba lake, Thandiwe anapita m'tauni, nagula mikanda yofiira ndi yoyera kwa mayi wina wogulitsa panjira. Anadzitonthoza kuti imeneyi ndi ya pulasitiki chabe. Yeniyeni ija ili m'kachitini ku Dedza, kutali ndi khosi la Melissa.

*

Tsiku la chikondwerero holo inadzaza. Kunali mbendera, zitenje za mitundumitundu, ana obadwira ku Nairobi akuthamangitsana akulankhula Chiswahili, ndi alendo angapo a ku Kenya konkuno amene anaitanidwa ndi anzawo a ku ntchito. Atatha mapemphero ndi nyimbo ziwiri, a Dunstan analengeza kuti sewero liyamba pakatha mphindi zisanu.

Kuseri kwa katani, Thandiwe anapereka mikanda ya pulasitiki ija kwa Gresham. A Getrude, amene anali atalowa kuti aone zovala, anaitenga, naiyandikiza kumaso.

"Iyi ndi ya Chimasai. Taonani matungidwe ake. Alendo a kunowa atiseka, aziti Amalawi alibe zawo."

"Ili patali sioneka, amayi," anatero Thandiwe. "Palibe amene azindikire."

"Ndizindikira ine."

Anatsegula chikwama chawo, natulutsa kachitini kakale kothimbirira m'mphepete. Atatsegula, Gresham anapuma mokoka. Mikanda yofiira ndi yoyera, mizere itatu, ina itasuluka ndi zaka.

"Amayi, munabwera nayo kuno?"

"Ndikanaisiyira ndani? Tenga."

"Koma imeneyi si ya sewero. Mukudziwa ntchito yake."

"Ndikudziwa kuti ndi imene bambo anga anapereka. Mwini sewero anavomera pamaso pa anthu kuti tichite zoona. Kapena ndikunama, mayi?"

Gresham anatembenukira kwa Thandiwe. Anatsitsa mawu.

"Thandi, nena mawu amodzi okha. Ukati ayi, sindiitenga."

Apa ndi pamene mlendo uja analankhula mokweza mumtima mwa Thandiwe. Anamuuza kuti, "Bwanji akufunsa iwe? Mwamuna wokukondadi safunsa. Akane yekha, pamaso pa mayi ake, pamaso pa Melissa. Muyese." Ndipo Thandiwe, m'malo monena chimene mtima wake unkalira, anaimika khosi.

"Chitani monga amayi anenera, a Gresham. Nanga ine ndine ndani?"

Anadikira kuti akane. Gresham anamuyang'ana kwa kanthawi, nkhope itagwa. Kunja a Dunstan anali akuitana kale mayina a osewera. Gresham anatenga mikanda ija, naiika m'thumba la jekete.

*

Sewero linayenda bwino kuposa m'mene aliyense ankayembekezera. Anthu anaseka jekete la ku Joni. Anaseka m'mene Melissa ankalembera pansi ndi chala cha kuphazi. Za masheleni palibe amene anazindikira, kupatula a Dunstan amene anawomba m'manja okha. Ana a kutsogolo ankangofunsana chifukwa chimene anthu awiriwa aimira patalipatali chonchi.

Koma Gresham atatulutsa mikanda, china chake chinasintha m'holomo. Amayi achikulire amene anakhala mzere wachiwiri anaweramira kutsogolo. Mmodzi anagwira mnzake pamkono.

"Imeneyo ndi yeniyeni," ananong'ona. "Agogo anga anali nayo yotero."

Melissa anagwada, maso ali pansi. Sanayankhe msanga. Anadikira monga anaphunzitsidwira, mpaka holo yonse inakhala chete. Kenako anaweramitsa mutu, ndipo Gresham anamuveka. Sanamukhudze ngakhale pang'ono, koma nthungululu imene inatuluka m'holomo inaposa phokoso la tsiku la phewa lija kakhumi. Amayi ena ankapukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Mafoni anali m'mwamba paliponse.

Thandiwe anaima kuseri kwa katani, mikanda ya pulasitiki ili m'manja. Anazindikira pamenepo kuti kugwirana manja kuja kunali kachinthu kakang'ono. Anachotsa dzanja, nabweretsa pangano.

*

Anthu atayamba kufola pa mzere wa chakudya, osewera anabwerera kuseri kudzavula. Jekete linabwezedwa, chipewa chinabwezedwa. Melissa anavula nsalu ya biriwita, navala diresi lake ndi nsapato za chidendene zija. Mikanda inatsala pakhosi.

Mayi wina wa ku Kenya anasuzumira pakhomo, nagwira Thandiwe dzanja. "Sindinamve Chichewa chanu," anatero m'Chingerezi, "koma pa mikanda paja ndalira. Kodi awiriwa akwatirana liti?"

Thandiwe anamwetulira movutikira mpaka mayiyo atachoka. Kenako anapita kwa Melissa.

"Asisi, zovala zonse za sewero tikusonkhanitsa. Mwaiwala icho."

"Sindinaiwale."

"Ndiye vulani."

"Asavule," anatero a Getrude ali pa mpando pakona. "Chikole sichivulidwa kuseri kwa katani ngati chipewa chobwereka. Chaperekedwa ndi mwini wake, pamaso pa mboni zodzaza nyumba, ndipo namwali walandira atagwada. Chikafuna kubwerera, chimabwerera kudzera kwa ankhoswe."

"Amayi, linali sewero!" anatero Gresham. "Aliyense akudziwa kuti linali sewero!"

"Mikanda sidziwa sewero, mwana wanga. Ine sindinakugwire mkono. Unafunsa kwa mayi awa, iwo anakuuza kuti chita. Ndinamva ndi makutu anga. Maso ndi amene akundivuta, makutu ayi."

A Dunstan, amene anali atalowa ndi mbale m'manja, anayesa kulowererapo. "Mayi Getrude, tisafike kumeneko. Ana awa amangotisangalatsa."

"A Dunstan, si inu munkalira masheleni? Mukufuna zoona pa ndalama zokha, pa mwambo ayi?"

A Dunstan anayang'ana mbale yawo, natuluka chamtseri.

Gresham anaima patsogolo pa Melissa. "Melissa, chonde. Iwe ukudziwa za ine ndi Thandiwe. Usalole kuti zifike patali."

Melissa anagwira mikanda ija ndi nsonga za zala. Kuseka kwake kwa masiku onse kunalibe.

"Ndikudziwa," anatero motsitsa. "Ndikudziwanso kuti masabata atatu ndakhala ndikunyozedwa pamaso pa anthu. Wigi, zikhadabo, nsapato. Ndinapirira. Ine sindinapemphe mikandayi. Koma manja ako amanjenjemera pondiveka, Gresham. Zimene zija sizinalembedwe pa tsamba lililonse."

"Amanjenjemera chifukwa ndimadziwa kuti ndikulakwa!"

"Kaya."

Foni ya Gresham inalira m'thumba. Ataona dzina, anatseka maso. Anali a Titus, amalume ake a ku Dedza, nkhoswe ya banja lawo. A Getrude anali atawatumizira kale vidiyo.

"Yankha," anatero a Getrude. "Ikanso pokweza, ndiwamve achimwene anga."

Mawu a nkhalamba yosangalala anadzaza kachipindako.

"Mphwanga! Ndaona! Ndaonetsa ndi abusa omwe, akuthokoza Mulungu. Mikanda ya amayi yapeza khosi! Mwana wa kwa anzathu omwe, wa mpingo wathu womwe. Ndiye ndinyamuke liti kukaonana ndi amalume ake?"

Thandiwe anayang'ana pansi. Mtima wake unapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wake wonse, la mawu awiri okha: Ambuye, ndithandizeni.

"Amalume," anatero Gresham, mawu ake ali olimba tsopano, "musanyamuke. Limene mwaonalo ndi sewero. Mkazi amene ndikufuna kukwatira ali pano pambali panga. Dzina lake ndi Thandiwe. Ndinayenera kukuuzani kalekale."

Tambala analira chapatali m'foni muja.

"Sewero," anatero a Titus pomaliza. Chisangalalo chonse chinali chitachoka. "Watenga mikanda ya mayi anga, waveka mwana wa eni ake pamaso pa anthu, mudzi wonse waona, ndiye ukuti sewero? Mapanga awiri avumbwitsa, mphwanga. Tamva tsono. Dzina limene wanditchuliralo sindinalimve. Sindilimva mpaka mikanda ija itabwera m'manja mwanga, kuchokera m'manja mwa amalume ake a mwana amene wamuvekayo. Akakana kubweza, ndiye kuti mkazi uli naye kale."

Foni inaduka.

A Getrude anatseka kachitini kopanda kanthu kaja, nakabwezera m'chikwama. Melissa anatenga chikwama chake, nayenda mpaka pakhomo. Pamenepo anatembenuka, nayang'ana Thandiwe, osati mwaukali, koma ngati munthu wongopereka uthenga.

"Amalume anga ndi munthu wa mwambo kwambiri, asisi. Mungawakonde. Pa moyo wawo wonse sanabwezepo chikole."

Nsapato zake zinamveka mpaka panja.

Gresham anatambasula dzanja kuti amugwire Thandiwe, koma iye anali asanathe kulilandira, chifukwa manja ake onse awiri anali atafumbata mikanda ya pulasitiki ija. Anaifumbata mwamphamvu mpaka ulusi unaduka. Mikanda inamwazika pa simenti, yofiira ndi yoyera, ikugubuduzika kulowa pansi pa mabenchi.

Thandiwe anagwada kuti aitole. Ndipo ali chogwada chomwecho, pa malo amene Lenah anamuuza kuti ayambire masabata atatu apitawo, misozi inayamba kutsika.

"Ndikanangonena kuti ayi," anatero. "Gresham, ndikanangonena kuti ayi."

Gresham anagwada pambali pake, nayamba kutola naye, umodzi umodzi. Kuseri kwawo ndodo ya a Getrude inagunda pansi kawiri.

"Gresham, dzuka. Melissa akutidikira pa galimoto. Mkazi wovala mikanda ya kwathu sadikiritsidwa panja."